Kodi Kudakali Nyama Zomwe Sayansi Sidazipeze?

Pa phunziro la zamoyo, makamaka kuyambira Sitandade 5 kupita m'tsogolo, pamabwera funso lina lomwe mulibe m'silabasi. Ku Zomba kapena ku Phalombe mwana adzakufunsani za napolo. Ku Siavonga adzafunsa za nyaminyami. Wina yemwe waonera kanema pafoni ya achimwene ake adzafuna kudziwa ngati n'zoona kuti ku Congo kudakali dinosaur wamoyo. Aphunzitsi ambirife timayankha mwachidule. Ena timati, "Zabodza zimenezo, tsegulani mabuku." Ena timati, "Dziko n'lalikulu ili, chilichonse n'chotheka," basi n'kupitiriza phunziro. Yankho loyambalo lauza mwana kuti agogo ake ndi abodza, pomwe lachiwirilo lamuuza kuti palibe njira yodziwira zoona. M'gawo lino tiona yankho lina, lotalikirapo pang'ono. Nyama zachilendo zimapezekadi, ngakhale kuno kwathu, koma pali njira yomwe zimapezekera, ndipo njirayo mwana wa kupulayimale akhoza kuimvetsa.

Kusaka nyama zomwe anthu amazinena koma asayansi sadazigwire kuli ndi dzina lake, cryptozoology. Mawuwa adachokera ku Chigiriki ndipo amatanthauza kuphunzira za nyama zobisika. Adawatchukitsa ndi Bernard Heuvelmans, katswiri wa zinyama yemwe adakulira ku Belgium, amene mu 1955 adatulutsa buku losonkhanitsa nkhani zotere za m'maiko ambiri. Mu 1982 iye ndi anzake adakhazikitsa bungwe la International Society of Cryptozoology, lomwe pano lidatha. Asayansi ambiri sawerengera ntchitoyi ngati nthambi ya sayansi, poti imadalira kwambiri zakumva ndi zithunzi zosaoneka bwino. Koma oikonda ali ndi poyankhira. Amatchula nyama ziwiri za mu Africa muno, nsomba ina ndi okapi, zomwe zidadzidzimutsa dziko lonse. Tiyeni tizione bwinobwino, chifukwa nkhani zake zimaphunzitsa zambiri kuposa momwe ozitchulawo amaganizira.

Nsomba yomwe ankati idatha kalekale

Pa 22 Disembala 1938 chombo chausodzi chotchedwa Nerine chidakocheza padoko la East London ku South Africa. Woyendetsa chombocho, Hendrik Goosen, adali ndi chizolowezi chodziwitsa Marjorie Courtenay-Latimer, mayi woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe m'tauniyo, kuti adzaone ngati m'khoka mwalowa chachilendo. Tsikulo, pansi pa mulu wa nsomba zina, mayiyo adaona chipsepse chabuluu. Atafukula adapeza nsomba yotalika mita imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu pafupifupi 57, ya mamba olimba, ndipo zipsepse zake zidali ndi mnofu ngati timiyendo. Dzina lake sadalidziwe. Chomwe adadziwa n'chakuti nsomba yotere sadaionepo, ndipo chachilendo sichitayidwa.

Kuisunga ndiye idali ntchito. Disembala kumeneko kumatentha ngati kwathu kuno. Adakapempha malo kunyumba yosungiramo mitembo, adamukaniza. Kosungira zakudya mozizira nako adamukaniza. Adangoikulunga m'nsalu zonyika m'mankhwala, najambula chithunzi chake pamanja n'kuchitumiza m'kalata kwa J.L.B. Smith, mphunzitsi wa chemistry pakoleji ya Rhodes ku Grahamstown, tauni yomwe lero ikutchedwa Makhanda. Smith ankadziwa nsomba kwabasi, koma adali kutchuthi ku Knysna, ndipo kalatayo idamupeza pa 3 Januwale 1939. Adatumiza telegalamu yopempha kuti zam'kati mwa nsombayo zisungidwe, koma n'kuti zitaola kale n'kutayidwa. Atafika yekha pa 16 Febuluwale n'kuona chomwe chidatsala, adatsimikiza kuti idali coelacanth, gulu la nsomba lomwe asayansi ankalidziwa m'miyala mokha, lomwe ankati lidatha pamodzi ndi ma dinosaur zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Adaitcha Latimeria chalumnae, polemekeza mayi uja ndi mtsinje wa Chalumna, poti nsombayo idagwidwa kufupi ndi matsiriro ake.

Smith adafunitsitsa yachiwiri yokhala ndi zam'kati zonse. Adasindikiza timapepala tokhala ndi chithunzi cha nsombayo, m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, kulonjeza mapaundi 100 kwa woipeza, ndipo timapepalato tidagawidwa m'madoko a kum'mawa kwa Africa. Padapita zaka 14. Mu Disembala 1952 msodzi wa pachilumba cha Anjouan ku Comoros adaikola ndi mbedza, ndipo mphunzitsi wina wa pachilumbapo ndiye adazindikira kuti ndi ija ya pakapepala. Onani ntchito ya kudziwa kuwerenga! Smith adachonderera nduna yaikulu ya South Africa ya nthawiyo, D.F. Malan, mpaka adamubwereka ndege ya asilikali kuti akaitenge isanaole.

Tsono apa tcherani khutu. Asodzi a ku Comoros sadadabwe nayo nsombayi. Dzina adali nalo kale, gombessa. Ankaikola mwa apo ndi apo powedza usiku m'madzi akuya, ndipo sankaikonda chifukwa mnofu wake ndi wamafuta kwambiri, umatsegula m'mimba. Idali yosadziwika ku London ndi ku Grahamstown, koma ku Anjouan idali nsomba yosakoma chabe. Chomwe idabisalira asayansi n'chomvekanso. Usana imakhala m'mapanga a pansi pa nyanja, pakuya kopitirira mamita 100, m'malo otsetsereka a miyala momwe makoka okoka ndi zombo sangadutse.

Anthu atadziwa poyang'ana, idayamba kupezeka. Mu 1991 yaikazi idagwidwa kufupi ndi Pebane ku Mozambique ili ndi ana 26 m'mimba, pakuti nsombayi imabereka ana amoyo. Mu 2000 osambira pansi pa madzi adaziona zamoyo ku Sodwana Bay, ku South Africa konkuja. Mu 1997 katswiri wina, Mark Erdmann, ndi mkazi wake adaona mtundu wake wachiwiri pamsika wa nsomba ku Manado, ku Indonesia. Kumenekonso asodzi adali nalo dzina lake.

Okapi, kipunji ndi nkhalango ya Mabu

Nkhani ya okapi ikukhudza munthu yemwe mumamudziwa m'phunziro la mbiri, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda ku Zomba kuyambira 1891 mpaka 1896. Mu 1900, ali pantchito ku Uganda, anthu a mtundu wa Mbuti a m'nkhalango ya Ituri ku Congo adamufotokozera za nyama yonga bulu, ya mizeremizere m'miyendo. Atamutengera m'nkhalango adamuonetsa mapazi ake. Johnston adakana, ati si imeneyo, chifukwa mapaziwo adali a ziboda zogawanika ngati za ng'ombe, pomwe iye m'mutu mwake adali atatsimikiza kale kuti akusaka mtundu wa hatchi. Eni nkhalango ndiwo ankalondola. Adabwerako ndi tizidutswa ta chikopa, ndipo ku London adayamba aganiza kuti ndi mbidzi yatsopano. Mu 1901 kudafika chikopa chathunthu ndi zigaza ziwiri, ndipo zigazazo zidaonetsa kuti okapi ndi m'bale wa kadyansonga.

Musaganize kuti izi zidathera m'masiku a atsamunda. Mukawoloka mtsinje wa Songwe kuchokera ku Karonga kulowera ku Mbeya, mumadutsa m'tsinde mwa phiri la Rungwe. Mu 2003 ofufuza motsogozedwa ndi Tim Davenport adamva alenje a kumeneko akunena za pusi wina wamanyazi wotchedwa kipunji. Poyamba zidamveka ngati nthano, koma adalimbikira mpaka adamuona chaka chomwecho. Mu 2005 adalembedwa m'mabuku a sayansi, ndipo m'modzi atakodwa mumsampha wa mlimi m'munda wa chimanga, kupima thupi lake ndi DNA kudaonetsa kuti ndi wosiyana kwambiri ndi apusi ena, moti mu 2006 adampatsa gulu lakelake, Rungwecebus. Atawawerenga adapeza kuti alipo pafupifupi 1,100 okha, malinga ndi zomwe zidalengezedwa mu 2008.

Ku Mozambique, m'chigawo cha Zambezia kum'mwera cha kum'mawa kwa phiri la Mulanje, kuli phiri la Mabu. Mu 2005 Julian Bayliss, yemwe ankagwira ntchito yoteteza zachilengedwe ku Mulanje, adaona pa Google Earth banga lobiriwira lomwe asayansi sadalifufuzepo. Idali nkhalango yowirira ya mahekitala masauzande angapo. Anthu a m'midzi yozungulira ankaidziwa bwino, ena adabisalamo nthawi ya nkhondo yapachiweniweni. Kuyambira 2008 m'menemo mwapezeka mitundu yatsopano ya agulugufe, njoka, mileme ndi abilimankhwe. M'modzi mwa abilimankhwewo dzina lake la sayansi ndi Nadzikambia baylissi. Limvetsereni bwino dzinalo. Lidachokera ku mawu athu omwe, nadzikambe, ndipo ophunzira anu adzasangalala kumva kuti Chichewa chidalowa m'mabuku a sayansi a dziko lonse.

Ntchito 1

Bwererani ku nkhani za gombessa, okapi ndi kipunji. Pa nyama iliyonse lembani m'kope mwanu yemwe adaidziwa poyamba, malo omwe inkabisala, ndi chinthu chogwirika chomwe chidafika m'manja mwa asayansi. Mukakumana ndi anzanu a m'gulu lanu, yerekezani mayankho musanawerenge zotsatirazi.

Zomwe zasakidwa osapezeka

Mwina mwaona kuti nkhani zonsezi zidayamba ndi mawu a eni dera, n'kuthera pa thupi, chikopa kapena chigaza chomwe wina aliyense angathe kuchipimanso. Tsono tiyese muyeso womwewo pa nyama yotchuka kwambiri ya cryptozoology mu Africa, mokele-mbembe. Akuti ndi chinyama chachikulu ngati njovu, cha khosi lalitali ndi mchira wautali, chokhala m'madambo a Likouala kumpoto kwa Congo-Brazzaville. Msilikali wina wa ku Germany, von Stein, adalemba zomwe adamva za icho mu 1913. Roy Mackal wa ku yunivesite ya Chicago adapita kukachisaka mu 1980 ndi 1981, ndipo pambuyo pake magulu ambiri a ku America, Ulaya ndi Japan akhala akupita kunyanja ya Télé ndi makamera. Patha zaka zoposa 100 chiyambireni kulembedwa. Palibe dzino, fupa, dzira kapena ndowe zomwe zabwerako.

Ku Zambia kuli nkhani ya kongamato. Frank Melland, bwanamkubwa wa atsamunda ku Kasempa, adalemba m'buku lake la 1923 kuti anthu ankaopa chinthu china chouluka cha m'madambo a Jiundu, chofiira, cha mapiko ngati a mleme ndi mlomo wa mano, chomwe chimagubuduza mabwato. Iye adawaonetsa chithunzi cha m'buku cha chokwawa chouluka cha m'nthawi ya ma dinosaur, ndipo akuti adavomera kuti n'chomwecho. Osaka mokele-mbembe nawo akhala akugwiritsa ntchito njira yomweyi ya buku la zithunzi.

Ife ophunzitsa akuluakulu kuwerenga njira imeneyi timaikayikira, ndipo tili ndi chifukwa. Chithunzi nacho chimafunika kuphunzira kuchiwerenga. Onetsani anthu chithunzi chachikulu cha udzudzu chopachika pachipatala, wina adzakuuzani mosaseka kuti udzudzu wa kwathu sukula chonchi. Chithunzi sichinena msinkhu. Munthu akaloza chithunzi n'kunena kuti "n'chimenechi", mwina akutanthauza kuti mwa zonse zili m'bukumo, ichi ndiye chayandikirako. Onjezani apo kuti wofunsayo ndi bwanamkubwa, kapena mlendo wochokera kutali yemwe wabwera ndi mphatso ndi womasulira, ndipo nkhope yake ikuwala akafika patsamba lina lake. Mwambo wathu umati mlendo sabwezedwa chimanjamanja. Woyankhayo sadaname ayi, koma funso lidabwera litanyamula kale yankho. Izi zimachitikanso m'kalasi mwanu mukafunsa kuti "Mwamva eti?" ana onse n'kuyankha kuti "Eee!"

Pali mfundo inanso yomwe ana amaigwira msanga chifukwa amaweta mbuzi. Nyama siikhala yokha. Kuti mtundu ukhalepo zaka mamiliyoni, pamafunika zazimuna, zazikazi ndi ana, mazanamazana, m'badwo ndi m'badwo. Zonsezo zimadya, zimachita ndowe, zimaswa njira, zimafa. Njovu imodzi imadya makilogalamu oposa 100 a msipu patsiku, ndipo pomwe yadutsa ngakhale mwana amadziwa. Nkhalango za kumpoto kwa Congo zimabisadi zinthu zazikulu, sitikukana. Mu 2008 ofufuza adalengeza kuti m'nkhalango ndi m'madambo a chigawo chomwecho muli anyani akuluakulu a gorilla pafupifupi 125,000, chiwerengero chomwe sankachiyembekezera. Koma adadziwa bwanji? Adawerenga zisa zomwe anyaniwa amayala pogona usiku. Chinyama chamoyo chimasiya zizindikiro ngakhale icho chitabisala.

Ngati mungathe, pitani ndi ophunzira kunyumba yosungiramo zakale ku Karonga. M'menemo mwaimikidwa chifanizo cha mafupa onse a Malawisaurus, dinosaur wa khosi lalitali yemwe mafupa ake adafukulidwa m'boma lomwelo, ndipo m'gulu lomwe lidamutcha dzinali mu 1993 mudali katswiri wa Chimalawi, Elizabeth Gomani. Chinyamachi chidafa zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo koma chidatisiyira mafupa. Nanga chomwe akuti chili moyo lero chingalephere bwanji kutaya ngakhale dzino limodzi?

Za zithunzi tisatayepo nthawi. Chithunzi chotchuka cha chilombo cha m'nyanja ya Loch Ness ku Scotland chidatuluka mu 1934, ndipo mu 1994 zidaululika kuti chidali chidole choyandama chomwe adachimata mutu. Masiku ano asayansi amatha kutunga madzi n'kupimamo DNA yomwe zamoyo zimasiya kudzera m'mamba, m'khungu ndi m'ndowe. Atachita zimenezi ku Loch Ness mu 2018 adapeza DNA yambiri ya mikunga, ya chokwawa sadaipeze. Ndipo poti lero kompyuta ikutha kupanga chithunzi cha chilichonse, kanema wa pafoni payekha si umboni.

Nanga napolo?

Ine sindimuika napolo m'gulu limodzi ndi mokele-mbembe, ndipo ndikupemphani kuti nanunso musatero. Osaka dinosaur amafunafuna chinthu chomwe sichidasiye chizindikiro. Napolo zizindikiro zake n'zosabisika. Adadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, mapiri adagumukira anthu ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. M'kalasi mwanu mukhoza kukhala mwana yemwe adataya abale ake masiku amenewo. Kumuuza kuti "napolo kulibe" n'kumupweteka popanda phindu.

Sayansi imafotokoza chochitikacho motere. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la m'mbali mwa phiri limakhuta madzi n'kulemera. Pansi pake pali thanthwe lomwe madzi salowa, ndiye pakati pa dothi ndi thanthwelo pamaterera. Dothi likangosuntha limatsika ngati phala, litanyamula miyala yaikulu ngati nyumba ndi mitengo yozuka, ndi mkokomo woopsa, n'kusiya chipsera chokhotakhota paphiri. Wochiona m'mawa mwake akanena kuti padutsa chinjoka, maso ake aona bwino ndithu. Kudula mitengo kumakulitsa ngoziyi chifukwa mizu ndiyo imagwira dothi, ngakhale mvula ikanyanya phiri la mitengo nalo limagumuka.

Choncho mwana akafunsa, musakangane naye za chinjoka. Mutumeni kwa akuluakulu akafunse kuti napolo adadutsa pati, chaka chanji, mvula itagwa masiku angati, ndipo madzi a mumtsinje adasintha bwanji zisanachitike. Matope otere amakonda kutsata makwawa omwe adadutsamo kale, motero zomwe agogo akukumbukira zikhoza kujambulidwa pamapu a mudzi, n'kuonetsa malo osayenera kumangapo nyumba. Nkhani ya nyaminyami mungaigwire chimodzimodzi. Atonga a m'chigwa cha Zambezi amaikamba pamodzi ndi madzi osefukira a 1957 ndi 1958, omwe adaononga ntchito yomanga damu la Kariba, damu lomwe lidawasamutsa m'midzi ya makolo awo. Ili ndi phunziro la mbiri ndi la chikhulupiriro, silifuna khoka kapena kamera.

Koyang'ana ngati mukufuna zatsopano

Asayansi amalemba mitundu yatsopano ya zamoyo yoposa 15,000 chaka chilichonse. Yambiri ndi tizilombo, zomera, nsomba, achule ndi abuluzi. Zimapezeka m'madzi akuya, m'mapanga ndi m'nkhalango za pamwamba pa mapiri otalikirana, momwe zamoyo zakhala pazokha nthawi yaitali. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu yoposa 700 ya nsomba za banja la chambo, mbuna ndi utaka, ndipo yambiri ilibe dzina la sayansi mpaka lero. N'kutheka ndithu kuti pathandala loyanikapo nsomba ku Nkhata Bay kapena ku Metangula pali kansomba komwe palibe adakalemba m'buku. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto n'lakuti zina zikutha tisanazidziwe bwino. M'mapiri a Malawi Hills kufupi ndi Nsanje muli kabilimankhwe kakang'ono kotalika ngati chala, Rhampholeon chapmanorum, komwe kadalembedwa koyamba mu 1992 ndipo kwawo n'kumeneko basi. Nkhalango yake idadulidwa kwambiri moti asayansi adaopa kuti katha. Mu 2016 adakasaka usiku ndi matochi m'tizigawo ta nkhalango totsala n'kukapeza kadakalipo, koma zithunzi za m'mlengalenga zidaonetsa kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 a nkhalangoyo adapita chiyambire zaka za m'ma 1980.

Ntchito 2

Uzani ophunzira kuti aliyense akafunse munthu wamkulu kwawo dzina la nyama, mbalame kapena nsomba yomwe idalipo kale koma pano sikuoneka, kapena yomwe anthu ochepa okha adaionapo. Asapite ndi zithunzi, ndipo asatchule dzina lililonse poyamba, wofunsidwayo afotokoze yekha. Alembe ngati adaiona ndi maso kapena adangomva, malo, nyengo, msinkhu wake poyerekeza ndi mbuzi kapena nkhuku, zomwe imadya, ndi zomwe imasiya pomwe yadutsa. M'kalasi ikani mayankhowo pabolodi ndipo ophunzira okha akambirane kuti pa nyama iliyonse pangafunike umboni wanji. Mudzapeza kuti zina ndi nyama zodziwika bwino zomwe zasowa m'deralo, monga ngaka ndi katumbu, ndipo zina ndi nyama imodzi yokhala ndi maina awiri.

Mwana akapeza kanyama kachilendo, asakaphe, ndipo ngati ndi njoka asayandikire n'komwe. Ngati pali foni, jambulani mutaika rula kapena bokosi la machesi pambali pake kuti msinkhu udziwike, lembani tsiku ndi malo enieni, kenaka tumizani kwa alangizi a zankhalango kapena a zanyama zakutchire a m'boma lanu. Sungani kope limodzi la zimenezi muofesi ya aphunzitsi aakulu, kuti kalasi ya chaka chamawa idzapitirize pomwe ya chaka chino yalekezera.